Kujambula mitambo, chifunga ndi chisisira m'mapiri a Chezi: mafunso ndi mayankho

Oyenda pa msewu wa M14 wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima amaidziwa Chezi ngati poima kugula tomato, anyezi ndi kabichi galimoto isanayambe kutsetsereka kulowera ku Mvera. Maso onse amakhala pa milu ya ndiwo, okweza mutu ndi ochepa. Komatu dera limeneli, pamodzi ndi mapiri ena a Dowa ndi Ntchisi, lili m'mphepete momwe dziko lokwera la chigawo chapakati limathera n'kugwera kuchigwa cha nyanja, ndipo pamalo otere thambo silikhala phee. Mafoni ambiri lero ali ndi batani lolembedwa kuti time-lapse, limene eni ake sanalidinepo chigulire. Mafunso otsatirawa ndi a munthu amene akufuna kuliyesa pa mitambo ya kwathu konkuno.

Kodi time-lapse n'chiyani kwenikweni?

Kanema aliyense ndi zithunzi zambirimbiri zosanjidwa motsatana, zodutsa pamaso mofulumira kwambiri moti timaona zinthu zikuyenda. Foni nthawi zambiri imaonetsa zithunzi 30 pa sekondi imodzi, filimu 24. Pojambula mwachizolowezi kamera imatola 30 pa sekondi n'kudzaonetsanso 30 pa sekondi, ndiye nthawi imayenda monga mwa masiku onse. Pa time-lapse kamera imatola chithunzi chimodzi, n'kudikira, n'kutolanso china, koma podzaonetsa imazithamangitsa pa liwiro lomwe lija la 30.

Tiwerengere limodzi. Mukamatola chimodzi pa masekondi 5 aliwonse, pa mphindi mupeza 12, pa ola 720. Gawani 720 ndi 30, yankho ndi 24. Ndiye kuti ola lathunthu mwakhala pamwala mukunjenjemera lakupatsani kanema wa masekondi 24 basi. Amene masamu amenewa sakumusangalatsa ndi bwino asayambe n'komwe.

Mitambo ili paliponse. Bwanji kuvutikira ku Chezi kapena ku Ntchisi?

Chifukwa kuno mitambo siimangodutsa, imabadwira pompano.

Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja zamchere. Lilongwe ali pa mamita 1,050 kapena cha pomwepo, ndipo nsonga ya phiri la Ntchisi imafika cha m'ma 1,700. Mphepo yochokera kum'mawa imayamba yawoloka nyanja n'kunyamulako chinyezi, kenako imagunda khoma la mapiri. Kobwerera kulibe, imangokwera. Mpweya ukamakwera umazizira, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 100 aliwonse malinga usanasanduke mtambo. Mpweya wozizira sungasunge chinyezi chochuluka, choncho pamulingo wina wake chinyezicho chimasanduka timadontho ting'onoting'ono, ndipo timadontho timeneti ndiye mtambo. N'chifukwa chake mitambo ya masana imakhala yosalala kumunsi, yonse pamzere umodzi: pamenepo ndi pomwe mpweya wa tsikulo wafika pozizira mokwana.

Apa ndi pamene kanema wofulumizitsa amaonetsa chinthu chimene maso paokha sachigwira. Mukayang'ana mtambo wovundikira nsonga ya phiri, mumaona ngati wangokhala, wakakamira pomwepo m'mawa wonse. Mukaujambula kwa theka la ola n'kuuthamangitsa, mupeza kuti suli chikhalire ayi. Mbali yochokera mphepo mtambowo ukubadwa mosalekeza, ukukwera phiri, ukudumpha nsonga, ndipo ukangoyamba kutsika tsidya linalo mpweya ukufundanso, timadontho n'kuzimiririka. Malo ake sakusintha, koma madzi ali m'menemo ndi atsopano mphindi iliyonse. Pa chidikha cha ku Kasungu kapena ku Mchinji mungajambule mitambo yokongola ikudutsa, koma kubadwa ndi kufa kwa mtambo pamalo amodzi mudzakuona bwino pomwe pali phiri lotchinga mphepo ya chinyezi.

Nkhalango yobiriwira chaka chonse ya pamwamba pa phiri la Ntchisi ndi mboni ya chinyezi chimenechi. M'munsi mwake muli mitengo ya masuku ndi ina yoyoyola masamba m'chilimwe, koma pamwamba pali mitengo italiitali yokutidwa ndi ndere ndi zilambe. Masamba a mitengo yotere amakola timadontho ta chifunga n'kumagwetsa pansi ngakhale tsiku limene mvula sinagwe.

Kodi chifunga chonse n'chimodzi?

Ayi, ndipo wojambula ayenera kuzisiyanitsa chifukwa chilichonse chili ndi nthawi yake ndi poimira pake.

Pali chifunga cha m'madambo. Chimabwera usiku wopanda mitambo, wopanda mphepo, makamaka mu Juni ndi Julayi. Nthaka imataya kutentha usiku wonse, mpweya wozizira n'kulemera, n'kutsetsereka m'mapiri kukaunjikana m'zigwa momwe muli madimba. Kukamacha chigwa chonse chimakhala chayera mbuu, nsonga za mitengo ndi zulu zokha zikusuzumira. Chimenechi muchijambulire pamwamba, mutachiposa msinkhu, ndipo mufike kusanache, pakuti dzuwa likangofunditsa nthaka chimayamba kung'ambika, kukwera m'matsitso, ndipo pofika 8 koloko nthawi zambiri chimakhala chatha. Pa kanema chimaoneka chikugavira uku ndi uku m'chigwa chisanachoke. Mwa zonse zimene munthu angajambule kuno, ine ndimaika ichi patsogolo.

Pali cha chiperoni. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, komwe mphepo yake imadzera. Chimavuta kwambiri ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, koma mphepo ya mwera ikalimba, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, mapiri oyang'ana kunyanja a kuno nawonso amakutidwa, kamvula kowaza n'kumagwa, madalaivala n'kuyatsa magetsi masanasana. Mukakhala m'kati mwa chifunga chotere palibe chojambula, kanema yense adzangokhala mbuu. Dikirani tsiku limene chikutha, kapena tsikirani m'munsi cha ku Mvera mukachione chikukwawa m'mapiri muli panja pake.

Chachitatu ndi nthunzi yofuka m'zigwa mvula ikangokata m'miyezi ya dzinja. Imatuluka m'nkhalango timizeremizere, siichedwa, ndipo siilonjeza. Foni ikhale pafupi.

Ndiye miyezi yabwino ndi iti?

Zitengera chimene mukufuna. Epulo ndi Meyi mpweya umakhala wotsukidwa ndi mvula, mapiri akali obiriwira, ndipo kuchokera pamwamba pa Ntchisi nyanja imaoneka bwinobwino, nthawi zina mpaka mapiri a tsidya lija. Juni ndi Julayi ndi a chifunga. Seputembala ndi Okutobala ndi ovuta: utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba mapiri akutali, thambo n'kukhala lotuwa, lopanda mtambo ndi umodzi womwe. Chokoma cha miyezi imeneyi n'chakuti dzuwa limalowa lili psuu, lozungulira bwino, ndipo usiku mizere ya moto imaoneka ikukwera m'mapiri. Pa kanema n'zokongola, koma chimene chikupsacho ndi tchire lathu lomwe.

Chizimalupsa chikagwa zinthu zimasintha. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mitambo ya mvula imayamba ngati timagulu tating'ono cha m'ma 9 koloko m'mawa, dzuwa likamatenthetsa mapiri. Pofika masana ina mwa iyo yakula kutalika makilomita 10 kapena kuposa, mutu wake utaphwatalala pamwamba. Mukaithamangitsa pa kanema imafufuma ngati phala likubwata mumphika, thovu pamwamba pa thovu linzake. Mlimi aliyense wa ku Chezi amadziwa kuwerenga mtambo wotere n'kunena ngati aanule chimanga kapena ayi. Kamera ikungoonetsa m'masekondi 20 zimene iye amazitsata ndi maso tsiku lonse.

Mverani zanyengo pa wailesi usiku woti mawa lake mukajambule. Nthambi ya boma yoona za nyengo ndi kusintha kwa nyengo imalengeza za mwera ndi chiperoni pochenjeza asodzi ndi oyenda panyanja, ndipo chenjezo lomwelo ndi uthenga kwa wojambula wa kumapiri.

Foni yanga ndi Tecno wamba. Ikwanira, kapena mpaka kamera yodula?

Ikwanira, bola isasunthe. Mafoni ambiri a Tecno, Infinix ndi ena ali ndi time-lapse m'kamera momwemo, pa Samsung amalemba kuti Hyperlapse, ndipo iPhone inayamba kukhala nayo mu 2014. Ngati yanu ilibe, pali mapulogalamu aulere otola zithunzi pa nthawi imene mwaika. Chimene chimaononga makanema ambiri si kutsika mtengo kwa foni koma kugwedezeka. Dzanja la munthu silingakhale chilili kwa ola.

Choimikira cha miyendo itatu n'chabwino, koma cha pulasitiki chotchipa chija chimavina ndi mwera. Njira yodalirika ndi iyi. Pezani mwala waukulu wosalala pamwamba. Thirani mchenga mu jumbo mpaka theka, mumange pakamwa, muike pamwalapo. Khazikani foni chopingasa mumchengamo, muikanikize mpaka itakhazikika, njerwa imodzi kumbuyo. Ngati mphepo ndi yamphamvu, imangirireni ku njerwayo ndi mphira ya chubu cha njinga, mosamala kuti mphirayo isapane mabatani a m'mbali. Pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa. Onani kuti mzere wa kumapeto kwa dziko wawongoka. Kenako dinani pa sikirini pomwe pali phiri lakutali, osachotsa chala mpaka patatuluka kachizindikiro ka loko: apo mwatseka kuti foni isamasinthe yokha poyang'ana ndi kuwala. Zimitsani netiweki, chifukwa foni imodzi ya alamu ofunsa za ndalama ya feteleza itha kudula ntchito ya mphindi 40. Lumikizani power bank. Mukadina batani, chokanipo, musakhudzenso.

M'chithunzimo mukhale chinthu chosayenda: nsonga ya phiri, mtengo wa mkuyu, denga la tchalitchi. Popanda chimenecho woonera sadziwa kukula kwa mtambo kapena liwiro lake. Koma udzu wautali ndi chimanga zisakhale pafupi ndi galasi, chifukwa pa kanema wofulumira zimanjenjemera mosokoneza maso.

Adani ena awiri ndi mame ndi dzuwa. Mbandakucha wa mu Juni galasi limachita nthunzi, zithunzi n'kuyamba kufuwa pang'onopang'ono inu osadziwa. Foni imene ikutchajidwa imakhala yofundirako ndipo izi zimathandiza, komanso mutha kuikulunga ndi sokosi n'kusiya galasi lokha. Masana a mu Okutobala ndiye zosiyana: foni ikatentha kwambiri imazimitsa kamera yokha. Ichitireni mthunzi ndi ambulera, koma ambulerayo isaikhudze.

Ndisiye masekondi angati pakati pa chithunzi ndi chinzake?

Chinthu chikamathamanga, mpata uchepe. Chifunga chokankhidwa ndi mphepo ndi mitambo yotsika zimafuna sekondi 1 kapena 2. Mitambo ya mvula ikukula, masekondi 3 mpaka 5. Mitambo yapamwamba kwambiri, yopyapyala, imene imachita ngati siyikuyenda, masekondi 10. Kumbukirani kuti kanema wa masekondi 10 amafuna zithunzi 300. Mukakayika, sankhani mpata waufupi: kanema wochedwa mutha kumufulumizitsa pambuyo pake, koma wodumphadumpha alibe mankhwala.

Kanema wanga wa dzuwa likulowa akuphethiraphethira, kwinaku akuda msanga. Ndalakwitsa pati?

Chisisira ndiye mayeso ovuta kuposa onse, ndipo akatswiri omwe amalimbana nacho. Vuto ndi lakuti kuwala kumatsika kwambiri m'nthawi yochepa. Mukasiya foni izisankha yokha, imakweza ndi kutsitsa kuwala pa chithunzi chilichonse, ndiye kuphethira kuja. Mukatseka loko dzuwa likadali pamwamba, kanema amada bii thambo lisanafike pokoma.

Kuno nthawi yake ndi yochepanso. Chezi ili pakati pa madigiri 13 ndi 14 kumwera kwa equator, kumene dzuwa limatsika chowongoka, osati chopendekera ngati ku Ulaya. Kuchoka pomwe lalowa kufika pomwe simungathenso kuwerenga panja pamadutsa mphindi 20 ndi pang'ono chabe. Ku London m'miyezi yawo yotentha chisisira chomwecho chimapitirira mphindi 40. Malangizo ambiri a pa YouTube ndi a anthu a kumeneko, n'chifukwa chake mukawatsata ndendende mumapezeka mdima wakugwerani mukadakonza zoimikira.

Chochita n'chiyani? Ndi foni, tsekani loko dzuwa litatsala pang'ono kugunda phiri, mutaloza mbali yowala ya thambo, ndipo muvomere kuti kanemayo adzathera mumdima. Si cholakwika, usiku umabweradi choncho. Musachotse foni dzuwa likangobisala, monga amachitira ambiri. Mitambo yapamwamba imayaka pakapita mphindi 10 kapena 15, chifukwa kuwala kumaifikabe kuchokera pansi, kutadutsa mumpweya wochuluka umene wamwaza mtundu wa buluu n'kusiya wofiira. Tsiku lina mudzatembenukire kum'mawa m'malo mwa kumadzulo. Mudzaona mzere wotuwa mobiriwira ukukwera kuchokera pansi, pamwamba pake pali kufiira kofewa. Mzere umenewo ndi mthunzi wa dziko lenilenili ukugwera pampweya.

Komabe kwa ine m'mawa ndi woposa madzulo m'dera lino. Mapiriwa ayang'ana kum'mawa, kumene dziko latseguka mpaka kunyanja, pomwe kumadzulo nthawi zambiri mtunda wina umakutchingani. Mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa isanakwane hafu pasiti 5; mu Disembala limatuluka itangopitirira 5 koloko n'kulowa itangopitirira 6. Silitulukiranso pamalo amodzi: mu Juni limapendekera kumpoto, mu Disembala kumwera, kusiyana kwake madigiri oposa 45. Mpata wa pakati pa mapiri awiri umene munaukonda pa Khirisimasi sudzakhalanso ndi dzuwa nthawi yokolola.

Nanga nyenyezi?

Kutali ndi magetsi a m'tauni, m'miyezi yozizira mlalang'amba umadutsa pamutu penipeni. Koma apa foni wamba imagonja. Pamafunika kamera yotha kutsegula diso lake masekondi 15 kapena 20 pa chithunzi chimodzi, mwezi utakhala kumdima, ndi bulangete.

Kodi zimenezi si masewera a anthu osowa chochita?

Ena amaonadi choncho, makamaka akakupezani mwakhala pamwala mukulondera foni nthawi yopalira. Koma luso limeneli linayamba ngati chida chophunzirira. Mu 1910 F. Percy Smith wa ku Britain anaonetsa maluwa akumasula mu filimu yake The Birth of a Flower. Ku Japan, Masanao Abe anamanga malo ofufuzira mitambo ku Gotemba mu 1927, m'tsinde mwa phiri la Fuji, ndipo kwa zaka zambiri ankajambula mitambo ya paphiripo pofuna kumvetsa mmene mphepo imayendera ikagunda phiri. Funso lake ndi lomwe lija la mtambo wa pa Ntchisi. Anthu ambiri anadzazolowera mitambo yothamanga pa kanema kudzera mu filimu ya Koyaanisqatsi ya mu 1982, ya Godfrey Reggio, imene anajambula ndi Ron Fricke.

Mphunzitsi wa jogalafe ku Robert Blake pa Kongwe, kapena pa sekondale iliyonse yoyendera ya m'derali, amajambula pa bolodi phiri, mivi yokwera ndi mtambo pofotokoza mvula ya m'mapiri. Ana amaloweza n'kukalemba pa mayeso. Kanema wa masekondi 20 wa phiri limene analo amaliona tsiku ndi tsiku angachite zimene choko chalephera.

Palinso time-lapse ina yochedwa kwambiri, imene ndimaona kuti ndi yofunika kuposa ya mitambo. Sankhani mwala umodzi, muulembe chizindikiro, ndipo sabata iliyonse mutole chithunzi chimodzi cha phiri lomwelo, pa ola lomwelo. Pakutha pa chaka muli ndi zithunzi 52. Pakutha pa zaka zisanu muli ndi umboni woti mitengo ikubwerera kapena ikuthera m'matumba a makala. Komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi imene ili ndi zithunzi zotere siikangana ndi munthu pongodalira chikumbumtima cha akuluakulu.

Kodi ndingangokwera phiri lililonse n'kuyamba kujambula?

Phiri lililonse lili ndi mwini. Yambani mwaonekera kwa a mfumu, ndipo mawu ake si ambiri: "Zikomo a mfumu, ndimati ndipemphe nawo kukwera paphiripa mawa m'mamawa, ndikajambule mitambo." Mwina aseka, koma akupatsani mnyamata wokulondolerani, ndipo mukapezeka pamwamba 5 koloko m'mawa palibe adzakuyeseni wakuba mbuzi.

Dowa ndi Ntchisi ndi kuchimake kwa Gule Wamkulu. Kankhalango kowirira kamene katsala pakati pa minda nthawi zambiri ndi manda, ndipo kumanda n'kumene kumakhala dambwe. Wojambula amakopeka nako chifukwa mitengo yake ndi yokhayo ikuluikulu, chifunga n'kumakola m'nthambi zake. Musalowemo, musaimike foni moloza komweko popanda chilolezo. Ku Mvera, komwe Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok anakhazikitsa mishoni ya Dutch Reformed mu 1889, kulinso kampu ya asilikali. Kamera yoima ola lathunthu italoza kumeneko idzakuitanirani mafunso amene simungawakonde. Nkhalango ya Ntchisi ndi yotetezedwa, ili m'manja mwa nthambi ya zankhalango, choncho lowani podzera kwa oyang'anira kapena operekeza alendo a m'deralo. Drone ndi nkhani ina, ili ndi malamulo ake a zandege, ndipo bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi silili kutali.

M'dzinja muope mphezi. Pamwamba pa phiri, pafupi ndi mtengo woima wokha, ndi malo oipitsitsa. Mukaona kung'anima werengani masekondi mpaka bingu limveke: masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi. Likamveka musanafike pa 30, nyamulani foni mutsike, kanema athere pomwepo.

Ndajambula bwino, koma nditatumiza pa WhatsApp thambo laoneka la mizeremizere. Chachitika n'chiyani?

WhatsApp ndi Facebook zimafinya kanema kuti achepe, ndipo choyamba kuonongeka ndi malo amene mtundu ukusintha pang'onopang'ono, monga thambo la chisisira ndi chifunga. Potumiza kwa munthu mmodzi, tumizani ngati document, afika mmene alili, ngakhale bandulo idyeka yochulukirapo. Kanema woyambirira musamufufute. Msungeni pa memori khadi kapena pa kompyuta, dzina lake likhale ndi malo, tsiku ndi ola, mwachitsanzo Chezi, 14 Juni, 05:50, kuyang'ana kum'mawa. Chaka chamawa mukadzafuna kudziwa sabata imene chifunga chinayamba kudzaza dambo, mudzayang'ana pamenepo.